Kwa George Mason, mlimi wa fodya amene anakana kusaina

Tsiku loyamba, Fairfax

Thupi langa likadali pa wotchi ya ku Kasungu. Kuno ku Virginia, ku America, tikusiyana ndi kwathu maola 6, ndiye 3 koloko usiku maso ali gwa, masana ndikusinza pampando ngati mlonda. Mwana wanga anati mankhwala ake n'kuyenda padzuwa, n'kundikokera kusukulu kwake, ku George Mason University, kuti ndikamudikire akumaliza za kalasi.

Pakati pa sukuluyo pali chiboliboli cha mkuwa cha bambo wojintcha, wovala jekete lofika m'mawondo, dzanja limodzi latambasula pepala. Nsonga ya nsapato yake ikuwala kuposa thupi lonse, chifukwa ana a sukulu amaisisita akamapita kukalemba mayeso. Ndinafunsa mwana wanga kuti bamboyo anali pulezidenti wachingati. Anaseka: "Ababa, inu aphunzitsi a mbiri, simukumudziwa? Sanakhalepo pulezidenti ameneyu. Anali mlimi wa fodya."

Ndinachita manyazi pang'ono. Zaka zonse ndinagwira choko ndinkatchula Washington ndi Jefferson, koma dzina la Mason silinatulukepo pakamwa panga. Ndipo mawu akuti mlimi wa fodya anandikoka khutu, poti ine ndinakulira m'chigafa, fizi yanga ya sekondale inachokera ku okushoni.

Chapafupi ndi chibolibolicho pali chikumbutso china chatsopano, chimene anachitsegulira mu 2022, cha anthu amene Mason anawasunga mu ukapolo. Patchulidwa awiri: James, amene ankamutumikira iye mwini, ndi Penny, mtsikana wa zaka 10. Ndinakhala pa benchi pakati pa zinthu ziwirizi mpaka mwana wanga anatuluka. Pobwerera ndinamuuza kuti sabata ino asavutike n'kundionetsa mashopu, ndikufuna andiperekeze kumene bamboyu anayenda.

Tsiku lachiwiri, Gunston Hall

Mkamwini ndiye anayendetsa. Tinasiya msewu waukulu ku Lorton n'kulowa ka msewu ka m'nkhalango, kulunjika ku ndomo ya mtunda yotchedwa Mason Neck, imene mtsinje wa Potomac waizinga. Kumeneko kuli mbalame ya pa chidindo cha America ija, mutu woyera ngati nkhwazi yathu ya kunyanja. Tinaiona imodzi ili pamwamba, mdzukulu wanga n'kukuwa ngati waona ndege.

Nyumba ya Mason, Gunston Hall, ndinkayembekeza chinyumba, koma ayi. Ndi ya njerwa zofiira, yooneka yofatsa, machumuni anayi, zipinda zogona zili m'denga. Inamangidwa kuyambira 1755 mpaka 1759. Chuma chili m'kati. Mchimwene wake wa Mason, Thomson, anatenga ku England kalipentala wachinyamata, William Buckland, pa pangano la zaka zingapo, ndipo matabwa a m'chipinda cha alendo anasemedwa mochita kuti ukhoza kuiwala kutseka pakamwa. Chipinda chodyera anachikongoletsa mwa Chitchaina, mu Virginia wa nthawi imeneyo, tangoganizani.

Mason anabadwa mu December 1725. Ali ndi zaka 9 bambo ake anamira mu Potomac momwemu, bwato litagubuduzika. Sukulu ya ukachenjede sanapiteko. Malamulo anawaphunzira yekha m'mabuku a John Mercer, mwamuna wa azakhali ake, loya amene anali ndi mabuku ochuluka zedi. Atakula anatenga minda ya bambo ake. Pa Gunston pokha panali maekala oposa 5,000. Ine ndinayamba kuwerengera m'mutu: bambo anga ankalima maekala atatu a fodya ndipo banja lonse silinkagona kuyambira ku nazale mpaka ku jeke. Kuthirira, kuwokera, kupalira, kuthena, kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala, kugiredi. Fodya safuna ulesi, ndipo sasintha khalidwe chifukwa wawoloka nyanja. Ndiye nditaimirira m'ka chipinda kamene Mason ankawerengeramo, zenera lake loyang'ana kudimba la maluwa, funso langa linali limodzi: iye ali pa buku, kumunda kunali ndani?

Yankho lili m'zimene mwana wake John analemba atakalamba. Anati bambo ake anali ndi akapolo amene anali akalipentala, okhoma migolo, ocheka matabwa, osula zitsulo, ofufuta zikopa, osoka nsapato, opota thonje, oluka nsalu, ngakhale wotcheza mowa. Mudzi wathunthu, uliwonse ndi luso lake, wopanda malipiro. Ena ankakhala pa malo otchedwa Logtown, chapatali ndi nyumba yaikulu. Nyumba zawo zinali za mitengo, zinawola kalekale. Yatsala ndi ya njerwa.

Mayi wotiyendetsa anatiuza nkhani imene inandisangalatsa. Kutsogolo kwa nyumba Mason anabzala mizere inayi ya mitengo ya zipatso, mzere uliwonse mitengo ngati 50, ndipo anaiyeza mwakuti ukaima pakati penipeni pa khomo umangoona mitengo inayi yokha. Mlendo akabwera ankamuimika pamenepo n'kumufunsa kuti akuona mitengo ingati. Akati inayi, ankamusunthira pambali pang'ono, mitengo yonse n'kutulukira. Mitengoyo kulibe tsopano, koma ndinaima pakhomopo ndithu. Munthu wochita zotere ndimamudziwa. Ndi mtundu wa ahedi amene amayeza mzere wa ana ndi chingwe, wokonda kuti zinthu zikhale ndendende, ndipo wokonda kuti udziwe kuti wanzeru pano ndi iye.

Tinamaliza ndi kumanda, kudutsa pakati pa mitengo ya mikungudza. Wagona pambali pa mkazi wake woyamba, Ann Eilbeck, amene anamukwatira mu 1750 ali mtsikana wa zaka 16. Anabereka ana 12, anakula 9, ndipo mayiyo anamwalira mu March 1773. Chaka chomwecho Mason analemba wilo yake, ndipo m'menemo analangiza ana ake aamuna kuti asankhe mtendere wa pakhomo kusiyana ndi mavuto a ntchito za boma, pokhapokha dziko likawafuna. M'wilo yomweyo anagawa akapolo ake kwa ana, monga mmene munthu amagawira ng'ombe.

Tsiku lachitatu, Pohick ndi Alexandria

Lero zinali zothamanga, mkamwini amalowa ntchito madzulo. Tinaima pa tchalitchi cha Pohick, cha njerwa, chimene chinatha kumangidwa mu 1774. Mipando yake ndi timabokosi tokhala ndi zitseko, banja lililonse lake. Mason ndi George Washington onse anali akuluakulu a parishi ya Truro, ndipo Mount Vernon, kwa Washington, si patali ndi Gunston.

Ukulu wa mpingo nthawi imeneyo unali ndale ndithu. Anglican ndiwo unali mpingo wa boma, akuluakulu ake ankadula msonkho wa parishi, ndipo msonkhowo unali fodya. Wansembe malipiro ake pachaka anali mapaundi 16,000 a fodya, kulemera kwake osati ndalama. Ukapereka fodya ku nyumba yoyezera ankakupatsa chipepala, chipepalacho n'kumagulira zinthu. Apa ndi pamene Mason anaphunzirira kuyendetsa zinthu: pa parishi, pa khoti la boma la Fairfax pamene anali mmodzi wa oweruza, ndi mu Ohio Company, kampani ya olemera ofuna malo kumadzulo, kumene anali msungichuma. Mu 1758 anasankhidwa kukhala phungu ku House of Burgesses, nyumba ya malamulo ya Virginia ku Williamsburg. Anakhalako mpaka 1761, ndipo kujomba kunali kochuluka kuposa kupezeka. Sanabwererenso kumeneko nthawi yonse ya atsamunda.

Koma cholembera sanachisiye. Ku Alexandria tinaima pa bwalo la msika. Pa 18 July 1774 eni malo a Fairfax anasonkhana m'tauni muno, Washington ali wapampando, n'kuvomereza mfundo 24 zimene Mason analemba atagona ku Mount Vernon dzulo lake. Ankakana kuti Nyumba ya Malamulo ya ku London iziwadula msonkho iwo alibe phungu kumeneko, n'kupempha madera onse kuti anyanyale katundu wa ku Britain. Mfundo imodzi inkati malonda obweretsa akapolo ndi oipa, ankhanza, osemphana ndi chilengedwe, ndipo athe. Amene anakweza manja kuvomereza, ambiri anali atasiya akapolo akupalira fodya m'mawa womwewo.

Tinadya nkhanu pafupi ndi doko. Zokoma, koma ntchito yake yoswa ndi ka nyundo ndi yaikulu kuposa chimene umapezamo.

Tsiku lachinayi, Williamsburg

Ulendo wa maola awiri ndi theka unasanduka anayi chifukwa cha mdipiti wa magalimoto pa I-95. Mason ankayenda masiku pa ngolo ya akavalo kuti afike kuno, ndiye ndinadziletsa kudandaula.

Williamsburg linali likulu la Virginia mpaka 1780. Tauni yakaleyo anaikonzanso ndi ndalama za John D. Rockefeller Jr., ndipo mumsewu wa Duke of Gloucester mumayenda anthu ovala zachikale, ena akusula zitsulo, ena akusindikiza nyuzipepala ndi manja. Mdzukulu wanga anakakamira kuti ndijambulitse mutu ndi manja zili m'chigologolo cha matabwa chimene ankakhaulitsiramo olakwa. "Agogo, sekani!" Ndinaseka, khosi likuwawa.

Ndale za Mason ndi za munthu wokokedwa. Mu 1775 Washington atapita kukatsogolera asilikali olimbana ndi Britain, anthu a Fairfax anasankha Mason kuti akakhale m'malo mwake pa msonkhano wa Virginia ku Richmond. Kumeneko anzake anafuna kumutuma ku Philadelphia, ku Continental Congress, msonkhano wa nthumwi za madera. Anakana, nati ana ake alibe mayi. Iye mwini analemba kuti pokana paja anaona misozi ikutsika pa masaya a wapampando, Peyton Randolph. Ndipo analembera Washington kuti phokoso la olongolola pa msonkhanowo linamudwalitsa mpaka nthawi zina ankatsala pang'ono kukomoka. Aliyense amene anakhalapo mu komiti ya sukulu kapena ya maliro akumva zimene ankanena.

Mu May 1776 anafika kuno mochedwa pa msonkhano wa Virginia, gout itamugwira phazi, nyamakazi yotupitsa mfundo imene inamuzunza moyo wonse. Atangofika anamuika mu komiti yolemba chikalata cha maufulu ndi malamulo oyendetsera dziko la Virginia. Analembera mnzake Richard Henry Lee kuti komitiyo yadzaza ndi anthu opanda ntchito, ndipo idzabala maganizo chikwi oseketsa ndi osatheka. Ndiye sanadikire komiti. Anakhala pansi n'kulemba yekha.

Tinalowa m'nyumba ya Capitol. Imene ilipo lero ndi yomangidwanso, ndipo anatengera pulani ya nyumba yoyamba, osati imene inalipo mu 1776, koma malo ndi omwewo. Mnyamata wovala wigi anatiwerengera ndime yoyamba ya Virginia Declaration of Rights: kuti anthu onse mwachibadwa ndi afulu mofanana ndi odziimira paokha, ndipo ali ndi maufulu amene sangalandidwe kwa ana awo ndi pangano lililonse, monga moyo, ufulu, kupeza ndi kukhala ndi katundu, kufunafuna chimwemwe ndi chitetezo. Ndime yachiwiri imati mphamvu zonse ndi za anthu, ndipo olamulira ndi antchito awo. Zina zimanena za kuzengedwa mlandu mwachangu, kusakakamizidwa kudzichitira umboni wokutsutsa, kuletsa zilango zankhanza, ndi ufulu wa nyuzipepala. Zonse ndime 16. Pa ya chipembedzo Mason analemba za kulolera zipembedzo zina. Mnyamata wa zaka 25, James Madison, anati kulolera ndi chifundo cha wamkulu, n'kusintha kuti aliyense ali ndi ufulu wopembedza monga mwa chikumbumtima chake. Chikalatacho chinavomerezedwa pa 12 June 1776, malamulo a Virginia pa 29 June, ndipo Thomas Jefferson ali ku Philadelphia akulemba chikalata cha pa 4 July, cholengeza kuti America yadziimira payokha, anali atawerenga kale mawu a Mason m'nyuzipepala.

Chimene chinandigwira ndi mkangano wa pa ndime yoyamba ija. Robert Carter Nicholas anaimirira nati, mawu amenewa akapolo akawamva zitha bwanji? Anakangana masiku angapo. Mapeto ake Edmund Pendleton anabweretsa mawu ochepa oti alowetsedwe pakati, akuti maufuluwa amagwira ntchito anthu akalowa m'gulu la nzika. Kapolo, mwa malamulo awo, sanali m'gululo. Basi, nkhani n'kutha. Sikuti sankadziwa chimene akuchita ayi. Anachiona bwinobwino, n'kuchizungulira ngati munthu wopewa chitsa m'munda.

Ndili m'chipindamo ndinakumbuka zakwathu. Malamulo amene tinalandira nawo ufulu mu 1964 anali ndi gawo la maufulu a anthu. A 1966 analichotsa. Linabwerera mu 1994, mutu wachinayi uja. Ife a msinkhu wanga tikudziwa kuti zaka za pakatipo zinali zotani, ndipo munthu akandiuza kuti ndime za papepala n'zachabe sindimuyankha n'komwe.

Tsiku lachisanu, pakhomo

Bondo lakana. Mwana wanga wandipaka mankhwala onunkha ngati bulugamu n'kundiletsa kutsika masitepe. Kunja kukugwa mvula ya mawawa. Ndaphika nsima ndi ufa wogula kusitolo ya anthu a ku West Africa, woyera bwino koma wosagwirana ngati wa kuchigayo.

Ndakhala ndikuwerenga ka buku kamene ndinagula ku Gunston. Nkhondo yolimbana ndi Britain ili mkati Mason anali phungu ku House of Delegates, nyumba yatsopano ya malamulo ya Virginia, kuyambira 1776 mpaka 1781, akulimbana ndi za misonkho, za malo ndi zopezera asilikali chakudya. Mu 1780 anakwatiranso, Sarah Brent, ndipo chaka chotsatira anabwerera kumunda. Mu 1785 anakhala nawo pa zokambirana za ku Mount Vernon, za mmene Virginia ndi Maryland azigwiritsira ntchito Potomac. Ka msonkhano ka asodzi ndi zombo kameneko ndi kamene kanabala wa ku Annapolis, wa ku Annapolis n'kubala wa ku Philadelphia, umene unalemba malamulo oyendetsera dziko lonse la America. Mawa tikupita komweko, bondo lifune lisafune.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Philadelphia

Sitima ya Amtrak kuchokera ku Union Station mu Washington inatenga maola ngati awiri. Mason anabwera kuno mu May 1787 ali ndi zaka 61, ndipo unali ulendo wautali kuposa wina uliwonse pa moyo wake. Anafikira pa nyumba ya alendo ya Indian Queen ndi mwana wake John. Pasanathe masabata awiri analembera kwawo kuti watopa ndi mwambo ndi zachabechabe za mumzinda uno. Mlimi ndi mlimi.

Ku Independence Hall, kumene msonkhanowo unachitikira, amalowetsa anthu m'magulu, aliyense ndi nthawi yake. Chipinda chake n'chaching'ono kuposa mmene chimaonekera pa zithunzi: matebulo ofundidwa nsalu zobiriwira, mipando ya matabwa, kutsogolo mpando wa Washington wokhala ndi ka dzuwa kosemedwa pamwamba. Ankakambirana mwachinsinsi, mazenera otseka, m'nyengo yotentha, atavala majekete aubweya. Miyezi inayi.

Munthu amene ankajomba ku Williamsburg uja, kuno sanajombe. Anali mmodzi wa amene anayankhula kwambiri. Ankafuna kuti nyumba yaing'ono ya malamulo izisankhidwa ndi anthu mwachindunji. Ankaopa pulezidenti mmodzi, nati bwenzi atakhala atatu, poti mmodzi amasanduka mfumu. Pa nkhani yochotsa pulezidenti pa mpando, iye ndi amene anati kuukira dziko ndi ziphuphu zokha sizokwanira; anafuna kuwonjezera kuyendetsa boma molakwika, Madison anati mawuwo ndi otambalala kwambiri, ndiye Mason anabweretsa akuti milandu ina ikuluikulu ndi zolakwa zazikulu. Ndi mawu omwewo amene timawamva pa wailesi nthawi iliyonse aphungu a ku America akafuna kuzenga mlandu pulezidenti wawo.

Pa 22 August anayankhula za ukapolo. Malinga ndi zimene Madison analemba, anati mwini akapolo aliyense amabadwa ali kawolamulira wankhanza, ndipo ukapolo umaitanira dziko chiweruzo cha Kumwamba. Popeza mayiko sangalangidwe m'dziko likudzalo, amalangidwa m'lino. Ndinayesa kuona m'maganizo nkhope za anzake. Anyani sasekana zikundu, ndipo anamuyankha mosamunyengerera. Oliver Ellsworth wa ku Connecticut anati iye sanakhalepo ndi kapolo, ndiye sangadziwe zimene ukapolo umachita pa khalidwe la munthu. Charles Cotesworth Pinckney wa ku South Carolina anati Virginia apindula akaletsa kubweretsa akapolo atsopano, chifukwa ali nawo kale ambiri kuposa amene akufuna ndipo mtengo wawo ukwera. Sindikhulupirira kuti Mason ankanama pamene ankayankhula. Koma Pinckney nayenso sankanama.

Kenako panachitika malonda. A kumpoto, eni zombo, ankafuna kuti malamulo a zamalonda azidutsa ndi mavoti ongoposa theka. A South Carolina ndi Georgia ankafuna kupitiriza kugula akapolo kuchokera ku Africa. Anagwirizana: inu tipatseni ichi, ife tikupatsani icho, malonda a akapolo asaletsedwe mpaka 1808. Mason analuza mbali zonse ziwiri. Iye ankafuna kuti malamulo a zombo azifuna magawo awiri mwa atatu, poopa kuti a kumpoto adzatseka zombo za mayiko ena n'kumadula mtengo wonyamulira fodya mmene afunira. Apa ndinamumvetsa kuposa pena paliponse. Amene analimapo fodya amadziwa kuti thukuta ndi lako, koma wa lole ndi wogula ndi amene amagawana phindu. Pa 31 August ananena kuti kuli bwino adule dzanja lake lamanja kusiyana n'kuliika pa malamulowo mmene analili.

Pa 12 September anayesa komaliza. Anati malamulowa ayambe ndi chikalata cha maufulu, chidzakhazika anthu mtima pansi, ndipo poti madera ali nazo kale zawo, chikhoza kulembedwa m'maola ochepa. Elbridge Gerry anapereka ganizolo, Mason n'kulichirikiza. Palibe dera ngakhale limodzi limene linavomera. Anthu anali atatopa, akufuna kwawo. Pa 17 September anthu 39 anasaina. Atatu amene analipo anakana: Gerry, Edmund Randolph ndi Mason. Kumbuyo kwa pepala lake la malamulowo analemba zifukwa zake, ndipo chiganizo choyamba chinali chakuti mulibe chikalata cha maufulu.

Mlonda wa pamalopo, wovala chipewa chachikulu cha National Park Service, anafunsa gulu lathu ngati alipo akudziwa amene anakana kusaina. Mdzukulu wanga anandigwedeza: "Agogo, nenani!" Ndinanena onse atatu. Mzungu wina wa ku Texas anandigwira chanza, n'kufunsa kuti Malawi ili mbali iti ya Hawaii.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, Washington

M'mawa tinakaima pa mzere ku National Archives, nyumba yosungira zikalata za boma. M'chipinda chozungulira, cha mdima pang'ono kuti inki isafufutike, muli zikalata zitatu m'magalasi. Anthu amaunjikana pa cha 4 July. Ine ndinapita ku chakumanja, Bill of Rights, chikalata cha maufulu cha dziko la America, ndipo ndinaima mpaka mlonda anandipempha mwaulemu kuti ndisunthe.

Njira yake inali yokhota. Mu June 1788 Virginia anachita msonkhano ku Richmond woti avomereze malamulo atsopanowo kapena ayi. Kwawo ku Fairfax anthu anali kumbali ya Washington, ndiye Mason anakaimira ku Stafford. Iye ndi Patrick Henry anamenya nkhondo ya pakamwa milungu itatu, n'kugonja ndi mavoti 89 kwa 79. Ubwenzi wake ndi Washington, wa zaka makumi, wa kubwerekana mbewu ndi kugonerana m'nyumba, unazirala ndipo sunabwererenso mwakale. Koma phokoso limene otsutsa anachita linamukakamiza Madison, amene poyamba ankati chikalata cha maufulu n'chosafunika, kulonjeza anthu a kwawo kuti akachibweretsa. Anachibweretsa mu Congress, nyumba ya malamulo ya America, mu 1789, ndipo ukachiika pambali pa cha Virginia cha 1776 umaona kuti ndi mayi ndi mwana. Ndime zake khumi zowonjezera pa malamulo zinayamba kugwira ntchito pa 15 December 1791, Virginia atavomereza.

Mason anali kumunda. Mu 1790 anamupatsa mpando wa ku Senate, nyumba yaikulu ya malamulo, mwini mpandowo William Grayson atamwalira, iye n'kukana. Jefferson anamuchezera ku Gunston masiku ochepa asanamwalire, n'kumupeza akuyenda movutika koma mutu uli bwinobwino, akadali kudandaula za malonda a ku Philadelphia aja. Anamwalira pa 7 October 1792. Wilo ija ya 1773 sanaisinthe pa nkhani ya akapolo. Sitinganene kuti njira kunalibe: lamulo la Virginia la 1782 linkalola mwini kumasula akapolo ake, Robert Carter III anayamba kumasula ake oposa 500 mu 1791, ndipo Washington analamula m'wilo yake kuti ake amasulidwe. Mason sanamasule ndi mmodzi yemwe.

Madzulo tinafunafuna chikumbutso chake. Woyendetsa takisi sankachidziwa. Chili kuseri kwa chinyumba choyera chokumbukira Jefferson, pafupi ndi mlatho, magalimoto akudutsa pamwamba: ka dimba, ka dziwe kozungulira, ndi benchi ya mwala pansi pa mthunzi. Anachitsegulira mu 2002. Mason wa mkuwa wakhala pa benchipo, mwendo wina pamwamba pa unzake, chala chili m'kati mwa buku, chipewa ndi ndodo zili pambali. Kwa Jefferson kunali mabasi a alendo asanu ndi limodzi. Kuno tinapeza mayi mmodzi akudyetsa mwana.

Ndinakhala pambali pake kuti bondo lipume, n'kutsamiritsa ndodo yanga pafupi ndi yake. Mdzukulu wanga anakwera pa benchi n'kuyamba kuwerenga mawu osemedwa pa khoma, chilembo chimodzichimodzi, mpaka anafika pa akuti anthu onse amabadwa afulu mofanana. Anatembenuka n'kufunsa ngati Penny uja wa kusukulu kwa amayi ake ankadziwa kuwerenga. Mayi ake anati tiyeni, Metro itisiya, ndipo mawa Agogo ayenera kulongedza.